Kukaona anamgumi pa boti ku Tofo: nthawi yake ndi woyendetsa boti woyenera kumusankha

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe. Ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga ndalama kwa zaka ziwiri kuti sukulu zikatsekera mu Ogasiti tikaone nyanja yamchere ku Mozambique, pamodzi ndi ana athu awiri, wina wa zaka 15 ndipo wina wa zaka 9. Wamkuluyu anaona pa intaneti kuti ku Tofo maboti amatenga anthu kukaona anamgumi, ndipo akuti iye akasambira nawo. Apongozi anga akuti tisayerekeze dala, poti chinsomba chinameza Yona. Ife nyanja imene timaidziwa ndi ya ku Salima basi. Kodi anamgumiwo tikawaonadi, kapena tikangotaya ndalama? Nanga si zoopsa?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti mwezi mwasankhawu ndi wabwino kwambiri. Anamgumi a mtundu wa humpback, amene ena amawatcha a linunda, amayamba kufika m'gombe la Mozambique cha mu Juni ndipo ambiri amakhala atabwerera pofika kumapeto kwa Okutobala, kotero kuti Ogasiti ali pakati penipeni pa nyengo yawo. Palibe munthu woona mtima amene angakulonjezeni kuti tsiku lakutilakuti mudzaona namgumi, chifukwa nyanjayo si khola, koma mukakhala ku Tofo masiku anayi kapena asanu m'mwezi umenewu zingandidabwitse mutabwerako osamuona. Chimene ndikufuna kuti muchiganizire kwambiri si funso lakuti mudzamuona kapena ayi, koma lakuti mudzamuona muli m'boti la munthu wotani, pakuti pamenepo ndi pamene pagona chitetezo cha banja lanu, kukoma kwa ulendowo, ndiponso moyo wa nyamayo.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taidziwa nyamayi. Namgumi si nsomba ngakhale kuti maonekedwe ake amanyenga. Amapuma mpweya ndi mapapo monga ife, magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo ndipo amamuyamwitsa. Mukayang'ana chambo muona kuti chipsepse cha kumchira n'choimirira ndipo chimakupiza cha kumanja ndi kumanzere, pamene cha namgumi n'chogona ndipo chimakupiza chokweza ndi chotsitsa. Akatswiri ofufuza mafupa ndi chibadwa cha nyama anapeza kuti mwa nyama zonse zimene zili ndi moyo lero, mbale wapafupi kwambiri wa namgumi ndi mvuu, yomwe ija imatulutsa mphuno pamwamba pa madzi a Shire ku Liwonde. Ndimakonda kuyambira pa mvuu ndikamafotokozera Amalawi anzanga, chifukwa amene anakhalapo m'boti kudikira kuti mvuu yomira ivuuke wadziwa kale theka la luso loonera anamgumi. Nyama yopuma mpweya siingakhale pansi mpaka kalekale. Iyenera kubwera pamwamba, ndipo ntchito yanu ndi kudziwa poyang'ana ndi kudikira.

Kukula kwake n'kovuta kukukhulupirira usanaone ndi maso. Humpback wamkulu amatalika mamita 12 mpaka 16, kuposa basi yaikulu ya pa msewu wa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo amalemera matani 30 kapena kuposerapo, kulemera kwa njovu zamphongo zisanu. Zipsepse zake za m'mbali zimafika mamita 5, ndipo ndizo zimamusiyanitsa msanga ndi anamgumi ena. Komabe iyeyu si wamkulu pa onse, chifukwa namgumi wotchedwa blue whale amafika pafupifupi mamita 30.

Tsopano funso lofunika ndi lakuti amadzatani ku Mozambique m'miyezi yozizira. Chakudya chawo chili kutali kummwera, m'nyanja yozizira yozungulira Antarctica, kumene amadya tinyama tonga nkhanu ting'onoting'ono totchedwa krill, tosaposa usipa waung'ono. Alibe mano. M'kamwa mwawo muli zinthu zolendewera zonga chipeso chachikulu, ndipo amamwa madzi ochuluka n'kuwafinyira kunja kudzera m'chipesocho, chakudya n'kutsalira m'kati monga mmene gaga amatsalira pa sefa. Amadya motero kwa miyezi ingapo mpaka kukundika mafuta ochindikala pansi pa khungu, kenako amauyamba ulendo wa makilomita oposa 4,000 kulowera kumpoto, kumadzi ofunda a Mozambique, Madagascar, Tanzania ndi Kenya, kumene amakwerana ndi kuberekerako. Chimene alendo ambiri sauzidwa n'chakuti pa nthawi yonse imene ali kumadzi ofundawa pafupifupi sadya kanthu. Namgumi wamkazi amene mudzamuone ali ndi mwana pambali wayenda ulendo wonsewo ali ndi bere la miyezi pafupifupi 11, wabereka mwana wotalika mamita 4 kapena 5, akumuyamwitsa mkaka wamafuta wolimba ngati chambiko tsiku ndi tsiku, ndipo zonsezi akuzichita ndi mafuta a m'thupi mwake okha, mpaka akhoza kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake asanafikenso kumene kuli chakudya. Inu monga mayi mukudziwa mmene thupi limathera poyamwitsa ngakhale nsima ilipo. Ganizirani tsono woyamwitsa amene ali pa njala ya miyezi, ndipo maboti akusinthana kumuthamangitsa kuyambira m'mawa mpaka masana.

Pali chinanso chimene chinadziwika posachedwapa. Mu 2017 ofufuza amene anamata tizipangizo tojambula mawu pa anamgumi ku Exmouth Gulf, ku Australia, anapeza kuti mwana wa humpback amalankhula ndi mayi wake motsitsa mawu kwambiri, ngati akunong'ona, ndipo akuganiza kuti amatero kuti asamvedwe ndi anamgumi olusa otchedwa orca amene amapha ana, komanso amphongo amene amavutitsa akazi. Injini ya boti ikamalira pafupi imaphimba kunong'onako, ndipo mwana ndi mayi akhoza kutayana. N'chifukwa chake ndimaumirira kwambiri pa nkhani ya woyendetsa boti.

Kuti lero tikukamba zokaona nyama zimenezi ndi mwayi waukulu, poti zinatsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1900 anthu anapha anamgumi pafupifupi 2 miliyoni m'nyanja za kummwera kwa dziko lapansi, ndipo mwa amenewa oposa 200,000 anali a humpback. Ankawafuna chifukwa cha mafuta, amene ankapangira sopo, majarini ndi zina. Ku Durban kunali malo ophera ndi kuyengera anamgumi amene anayamba mu 1908 ndipo anatsekedwa mu 1975, ndipo ngakhale pafupi ndi kumene mukupitako, pa Linga Linga m'chigawo cha Inhambane, panali malo otere kumayambiriro kwa zaka zimenezo. Bungwe loona za anamgumi pa dziko lonse la International Whaling Commission, limene linakhazikitsidwa mu 1946, linaletsa kupha a humpback kummwera mu 1963, kenako mu 1982 linagwirizana zoimitsa kupha anamgumi onse pochita malonda, ndipo chiletsocho chinayamba kugwira ntchito mu 1986. Kuchokera pamenepo a humpback achulukananso, moti mu 2008 anachotsedwa pa gulu la nyama zimene zili pangozi yakutha. Agogo a asodzi a ku Tofo a lero anakula nyanja ili pafupifupi zii, pamene zidzukulu zawo zikuona anamgumi chaka chilichonse.

Nanga mukakhala m'boti muziyang'ana chiyani? Alendo atsopano amalakwitsa poyang'ana madzi a pafupi ndi boti, kuyembekezera kuti chinyama chonse chitulukira pomwepo. Kwezani maso muyang'ane kutali, kumene madzi akumana ndi thambo, ndipo muziyendetsa maso pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita mbali ina. Chizindikiro choyamba ndi mpweya. Mphuno za namgumi zili pamwamba pa mutu, ndipo akavuuka amatulutsa mpweya wofunda mwamphamvu, umene umasanduka nthunzi yoyera yokwera mamita pafupifupi 3, n'kuzimirira pa kamphindi kochepa. Ngati munaonapo nkhungu zikufuka pa nyanja yathu ngati utsi wa moto wakutali, chithunzi chake n'chofananako, kungoti nthunzi ya namgumi ndi yoyera, yaing'ono, ndipo sichedwa. Thovu la mafunde limagona ndipo limayenda ndi funde, pamene nthunziyi imaimirira. Mukaiona kamodzi musachotsepo maso, chifukwa kawirikawiri amapuma kangapo motsatizana asanamire. Mukadzaona msana ukupindika n'kutulukira mchira wonse m'mwamba, dziwani kuti akupita pansi ndipo mukhoza kudikira mphindi 5 mpaka 15. Pamalo pamene wamirapo pamatsala bwalo la madzi osalala ngati pathiridwa mafuta, lopangidwa ndi kukupiza kwa mchira, ndipo mabwalo oterewa akandandalika amakuuzani kumene walowera. Mayi amene ali ndi mwana sakhalitsa pansi, poti mwanayo mpweya wake ndi waufupi.

Mphindi zodikirazo ndi zimene zimasiyanitsa anthu. Ena amayamba kudandaula, ena amatsegula foni, ndipo namgumi akavuuka kumbuyo kwa boti iwo amangomva anzawo akufuula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nyanja mawuwa ndi oona kwenikweni. Gawanani mbali, bambo ayang'ane kutsogolo, inu kumanja, ana kumanzere ndi kumbuyo, ndipo mugwiritsenso ntchito makutu, chifukwa nyanja ikakhala bata kupuma kwa namgumi kumamveka patali ndithu. Tsiku la mwayi mudzaona akudumpha thupi lonse kutuluka m'madzi n'kugwa chagada ndi mkokomo waukulu, kapena akumenya madzi ndi chipsepse mobwerezabwereza, kapena atatulutsa mutu wokha n'kumakuyang'anani. Kunsi kwa mchira wa humpback aliyense kuli mawanga akuda ndi oyera amene safanana ndi a mnzake, monga zidindo za zala zathu, ndipo ofufuza amazindikira namgumi mmodzimmodzi poyerekeza zithunzi za michira. Ntchito imeneyi ingamukomere mwana wanu wamkuluyo kuposa kusambira kumene akukulakalaka. Amphongo amaimbanso nyimbo zazitali zokhala ndi zigawo zobwerezedwa mwadongosolo, zimene ofufuza awiri, Roger Payne ndi Scott McVay, anazifotokoza mu 1971, ndipo munthu akamiza mutu m'madzi ku Tofo m'nyengo imeneyi nthawi zina amazimva ngakhale woimbayo ali kutali osaoneka.

Tsopano tibwere pa woyendetsa boti. Ku South Africa lamulo limaletsa munthu aliyense kuyandikira namgumi kuposa mamita 300, ndipo maboti ochepa amene ali ndi chilolezo chapadera ndi okhawo amaloledwa kufika pa mamita 50. Ndakupatsani manambala amenewa kuti mukhale ndi muyeso m'mutu kulikonse kumene mungakwere boti. Bwalo la mpira ndi lotalika pafupifupi mamita 100, ndiye ngati boti lanu likulondola namgumi mpaka kuyandikira kuposa theka la bwalo, layandikira mopitirira. Woyendetsa wabwino amachepetsa liwiro akadali kutali, amayandikira cha m'mbali moyenda mofanana ndi nyamayo, sadutsa kutsogolo kwake, saitsata kumchira, salowa pakati pa mayi ndi mwana, ndipo akapeza maboti ena ali kale pamenepo amadikira kapena kukafuna ena. Akafika pa mtunda woyenera amachotsa giya n'kusiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti namgumi adziwe pamene pali boti. Ngati nyamayo yasankha yokha kubwera pafupi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka ndi anamgumi achinyamata amene ali ndi chidwi.

Zonse ziwiri ndinazionapo ndi maso anga m'gombe lomwelo. Ulendo wina ndinakwera boti limene woyendetsa wake ankafuna kusangalatsa alendo amene anamulonjeza ndalama yapadera. Titaona mayi ndi mwana anathamangitsa boti molunjika pa iwo, ndipo nthawi iliyonse akavuuka ankawathamangiranso. Mayiyo anayamba kusinthasintha njira, kupuma mofulumira, ndi kumira mwana asanapume mokwanira, mpaka anamenya mchira pamadzi pafupi nafe mwamphamvu moti tonse tinanyowa. Anzanga m'botimo anaomba m'manja poganiza kuti akuwasewerera, koma chimene ndinaona ine ndi mayi wotopa amene akuchenjeza, ndipo mpaka lero ndimadzimvera chisoni kuti sindinalankhule msanga. Zimene tinaona tsiku limenelo zinali misana yothawa basi. Patapita masiku awiri ndinakwera ndi bambo wina wachikulire amene kale anali msodzi. Iye ataona nthunzi anaima patali, n'kutiuza kuti tikhale chete. Tinakhala pafupifupi mphindi 20 popanda chochitika, kenako anamgumi awiri anatembenuka okha n'kubwera, mmodzi anadutsa pansi pa boti mwakachetechete thupi lake lonse likuoneka m'madzi oyera, n'kuvuukira mbali inayo, ndipo tinaona diso lake ndi kumva fungo la mpweya wake. Amene amathamangitsa namgumi amaona zochepa kuposa amene amamudikira, ndipo amaikanso anthu ake pangozi.

Choncho musanalipire, pitani nokha kumene amagulitsira maulendowo mukafunse mafunso, ndipo musachite manyazi poti ndalamazo mwazivutikira zaka ziwiri. Afunseni kuti amaima pa mtunda wotani akaona namgumi ndiponso amatani akapeza mayi ndi mwana. Amene angakuyankheni monyadira kuti adzakufikitsani pomukhudza ndi dzanja, kapena kukulonjezani kuti mudzamuona zivute zitani, musiyeni mupite kwa wina. Afunseni kuti botilo limaloledwa kunyamula anthu angati, ngati lili ndi injini ziwiri, ngati ali ndi wailesi yolankhulirana ndi kumtunda, ndiponso ngati ali ndi majekete oyandamitsa okwana aliyense. Pa mwana wa zaka 9 uja pemphani kuti akuonetseni jekete ya msinkhu wake ndipo aiyese pomwepo, chifukwa jekete ya munthu wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Funsaninso ngati amalola ana a msinkhu umenewo, ndiponso chimene chimachitika ndi ndalama zanu ulendo ukalephereka chifukwa cha mphepo. Musakopeke ndi munthu wokupezani pa mchenga n'kukuuzani kuti ali ndi bwato lotchipa. Kudzaza anthu mopyola muyeso kumapha, monga zinachitikira mu Epulo 2024 pamene boti la asodzi lodzaza anthu linamira likupita ku chilumba cha Ilha de Moçambique ndipo anthu oposa 90 anamwalira.

Za apongozi anu, ayankheni mwaulemu, chifukwa mantha awo akuchokera pa chikondi. Malemba amanena za chinsomba chachikulu ndipo satchula mtundu wake, choncho nkhani imeneyo ndiisiya m'manja mwa abusa. Chimene ndinganene ndi chakuti humpback, ngakhale kamwa lake ndi lalikulu, mmero wake ndi wopapatiza moti munthu sangadutsemo. Mu 2021 msodzi wina wa ku Cape Cod ku America, ndiponso mu 2025 mnyamata wina amene ankapalasa kabwato ku Chile, analowa mwangozi m'kamwa mwa humpback, ndipo onse awiri analavulidwa pa kamphindi ali amoyo. Zimenezo zinachitikanso kumalo kumene anamgumi amadyera, pamene ku Tofo sabwera kudzadya. Namgumi sasaka anthu. Ngozi imene ilipo ndi ya kulemera kwake, poti mchira wa nyama ya matani 30 ukakhudza munthu kapena boti laling'ono, ngakhale mosafuna, zotsatira zake ndi zazikulu. Pa chifukwa chimenechi mwana wanu ndikumukaniza kulowa m'madzi pamene pali namgumi, makamaka amene ali ndi mwana, ngakhale atapezeka woyendetsa boti wovomera.

Koma musamuuze kuti loto lake lathera pomwepo. Tofo imadziwika pa dziko lonse chifukwa cha nyama ina imene anthu amasambira nayo, yotchedwa whale shark. Dzinali limasokoneza, koma iyi ndi nsomba yeniyeni ya m'gulu la shaki, ndipo ndiyo nsomba yaikulu kuposa zonse, yotha kufika mamita 12 kapena kuposerapo, ya khungu la madontho oyera ngati nkhanga. Imadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi posefa, siluma munthu, ndipo ku Tofo imapezeka miyezi yonse ya chaka ngakhale kuti si tsiku lililonse. Maulendo ambiri a kumeneko, amene amatenga pafupifupi maola awiri, amaphatikiza kufuna nsomba imeneyi ndi kuona anamgumi. Malamulo ake ndi akuti munthu alowe m'madzi mwakachetechete, asaikhudze, asaitsekere njira, ndipo atalikire mamita 3 kuchokera ku thupi ndi mamita 4 kuchokera ku mchira. Ndinene mosabisa kuti zimenezi ndi za munthu wodziwa kusambira bwino pamadzi akuya amene ali ndi mafunde, osati wongosewera m'mphepete pa Senga Bay madzi ali m'chiuno. Ngati mwana wanu wamkuluyo akufunadi, miyezi yatsalayi aphunzire kusambira mtunda wautali ndi kupuma ndi kapaipi atavala galasi la kumaso. Malo abwino ophunzirira tili nawo konkuno, pakati pa mbuna za ku Cape Maclear. Amene sadziwa kusambira akhale m'boti atavala jekete, ndipo adzaionabe nsombayo ili pamwamba.

Nyanja yamchere isakupusitseni poiyerekeza ndi yathu. Mwera wa pa nyanja ya Malawi ndi woopsa ndithu, koma mafunde ake ndi aafupi ndipo amatha mphepo ikaleka. Ku Indian Ocean kuli mafunde aatali ochokera kutali, amene amakweza boti ndi kulitsitsa pang'onopang'ono ngakhale tsiku lopanda mphepo, ndipo ndi amenewa amabweretsa nseru ndi chizungulire. Madzi amakweranso ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chinthu chimene kwathu kulibe. Ku Tofo kulibe doko, choncho maboti ake, amene ndi a mphira yopopa m'mbali, amakankhidwa kuchokera pa mchenga n'kudutsa pakati pa mafunde osweka, okwera atakhala m'mphepete, mapazi atalowetsa m'malamba ndipo manja atagwira chingwe. Pobwera botilo limathamanga n'kukwera pa mchenga mwamphamvu. Munthu wodwala msana kapena mayi woyembekezera asakwere. Sankhani ulendo wa m'mawa poti mphepo imakonda kukula masana, idyani chakudya chopepuka chopanda mafuta ambiri, ndipo ngati wina amachita nseru m'basi, kafunseni ku famase konkuno mankhwala oletsa nseru ya paulendo ndi muyezo woyenera mwana, n'kumwa musanakwere osati nseru itayamba. Ikayamba, yang'anani kutali kumene madzi athera, musawerame ndipo musayang'ane pa foni. Tengani chovala chotchinga mphepo chifukwa mu Ogasiti pa nyanja pamazizira mukanyowa, chipewa chomanga ndi chingwe, madzi akumwa, ndi kathumba kosalowa madzi kosungiramo foni.

Nyama zina mudzakumana nazo popanda kuzifuna. Ma dolphin amakonda kubwera okha kudzasambira kutsogolo kwa boti, ndipo iwonso ndi oyamwitsa, abale aang'ono a namgumi. Akamba a m'nyanja amatulutsa mutu kamphindi kuti apume. Kulinso nsomba zazikulu zophwatalala zotchedwa manta, zimene zimasambira ngati mbalame ikuuluka, ndipo kafukufuku wa Andrea Marshall, amene anachitikira ku Tofo komweko, ndi amene anaonetsa mu 2009 kuti nsombazi si za mtundu umodzi wokha. Mukaona mbalame zambiri zikuzungulira ndi kugwera pamalo amodzi muuze woyendetsa, chifukwa pansi pake pamakhala gulu la tinsomba ndi zinyama zozisaka, monga mmene asodzi a kwathu amawerengera mbalame pofuna usipa. Pa njira yanu mudzadutsa pafupi ndi Vilankulo, pamene pali khomo la zilumba za Bazaruto, malo otetezedwa kuyambira 1971 amene kuyambira 2017 akuyendetsedwa mothandizana ndi African Parks, bungwe lomwe lija likusamala Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Kumeneko kuli nyama yotchedwa dugong, yodya udzu wa pansi pa nyanja, imene mbale wake wa kumtunda ndi njovu. Zatsala mazana ochepa chabe, ndipo gulu la ku Bazaruto ndi lokhalo kum'mawa kwa Africa limene lidakali ndi chiyembekezo chopitirira. Ndi nyama yamanyazi, ndipo kuiona ndi mwayi wosayenera kuuwerengera.

Ulendo wapamsewu ndi wautali. Kuchokera ku Lilongwe mudzatulukira pa chipata cha Dedza, kudutsa Tete, kutsikira ku Chimoio ndi Inchope, kenako kulowera kummwera pa msewu wa EN1, kuwoloka mtsinje wa Save mpaka ku Maxixe ndi Inhambane, ndipo Tofo ili makilomita pafupifupi 22 kuchokera mu mzinda wa Inhambane. Ndi ana muwerengere masiku awiri kapena atatu kupita kokha, ndipo muziyenda masana. Ena angakuuzeni za kumpoto, poti anamgumi amafikanso ku Nacala ndi ku Pemba. Nacala ndi pafupi ndi kwathu kudzera ku Chiponde, koma Pemba ili m'chigawo cha Cabo Delgado kumene kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndipo kumeneko sindingatumizeko banja. Mukafika ku Tofo lembetsani ulendo wa pa boti tsiku loyamba kapena lachiwiri, osati lomaliza, kuti mphepo ikaulepheretsa mukhale ndi masiku ena oyeserera.

Ngati pofika kumeneko inu kapena mwana wamng'onoyo mwaona mafunde aja n'kuchita mantha, musadzikakamize, pakuti anamgumi amaonekanso munthu ali pamtunda. Ku Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town, anthu amaonera anamgumi a mtundu wina otchedwa southern right ataimirira pa matanthwe a m'mphepete mwa nyanja kuyambira Juni mpaka Novembala, ndipo tauniyo ili ndi munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga akaoneka. Amenewo alibe chipsepse cha pamsana ndipo nthunzi yawo imatuluka yogawika pawiri ngati mphanda. Ku Tofo nako kuli kamtunda kotchedwa Tofinho, kongoyenda pansi kuchokera ku gombe. Kwerani pamenepo m'mawa tsiku loyamba musanalipire boti lililonse, mukhale pansi ola limodzi, ndipo ana apikisane kuti ndani ayambe kuona nthunzi. Muli pamwamba pomwepo mudzaonanso maboti akutuluka ndi mmene lililonse likuchitira likafika pafupi ndi anamgumi, ndipo potsika mudzakhala mutadziwa kale limene mukufuna kukwera.